Mmene Ndodo Inasiyira Ndewu Kugombe la Benga

Chaka ndi chaka anthu a ku Ulaya, ku America ndi ku Australia amalipira ndege kupita ku chilumba cha Cebu, m'dziko la Philippines, kukabindikira pakampu sabata zingapo kuti aphunzire kumenyana ndi ndodo. Eni ake masewerawa amawatchula kuti arnis, eskrima kapena kali. Ndodo yake ndi kamtengo kopepuka ka rattan, kotalika masentimita pafupifupi 70, ndipo wophunzira amayamba ndi kuloweza njira 12 zimene ndodo ingadzere pathupi la munthu. Mnyamata wa pa Benga akaonera zimenezi pafoni akhoza kuyesa kuti luso la ndodo lili ndi eni ake kutali, kuti kwathu kuno ndodo ndi ya agogo, ya mbusa ndi yophera njoka basi. Ine ndikukana. Gombe la Nkhotakota lili ndi mbiri yakeyake ya ndodo, ndipo nayonso inadzera m'makampu a kunja kwa dziko. Posiyana ndi apa: a ku Cebu anasunga kumenya nakuikira malamulo, pamene makolo a kuno anachotsamo kumenyako nasunga zina zonse, mwambo, maudindo, maphunziro a thupi ndi mpikisano wa mudzi ndi mudzi. Chotsalacho ndi mganda ndi malipenga. Ndikuti anachita zimenezi akudziwa chimene akuchita, chifukwa nkhondo ankaidziwa kuposa ife.

Benga ili pamsewu wa M5, pakati pa Salima ndi boma la Nkhotakota, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwadzama. Kum'mawa kuli nyanja, kumadzulo kuli zitunda zokwera kupita ku Ntchisi ndi ku Dowa. Lero kukhala pamenepa ndi mwayi, poti usipa umakwera kumtunda, chimanga nkumatsika. M'zaka za m'ma 1800 linali tsoka, chifukwa mdani ankatulukira mbali zonse ziwiri. Cha m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika pa Nkhotakota ndi mfuti zake ndi zombo zoolotsera akapolo ndi minyanga kutsidya, ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone anadzionera yekha malondawa mu 1861 ndi mu 1863. Kumtunda nako, mwa Angoni amene anaoloka Zambezi mu 1835, gulu la Chiwere linamanga ku Dowa nkumatsikira kunyanja kukafunkha. Mphamvu ya Angoni inagona pa kaleredwe. Mnyamata ankaphunzira nkhondo ali kubusa, akulimbana ndi anzake ndi ndodo, dzanja lina likumenya, lina likutchinga, kotero kuti atakula nkupatsidwa nthungo ndi chishango, manja anali atazolowera kale ntchito yake. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, anafotokoza m'buku lake la Children of Their Fathers mmene laweni, nyumba yogona anyamata, ndi ubusa zinkaumitsira mwana mtima. Luso lomenyana ndi ndodo linalipo ndithu m'dziko muno. Koma Mchewa wa kugombe, wobisala mulinga ndi uta wake, analidziwa luso limeneli ali mbali yolandira. Kwa iye inali sukulu ya anthu amene ankatentha nkhokwe zake ndi kutenga ana ake.

Apa mbiri ya ku Philippines ikufanana ndi yathu kuposa mmene ambiri angaganizire. Nkhani imene amakonda kuuza alendo ndi ya mfumu Lapulapu, imene ankhondo ake anapha Ferdinand Magellan pa Mactan pa 27 Epulo 1521, ngati kuti luso la lero linatsika lamphumphu kuchokera tsiku limenelo. Koma alembi awiri a ku Cebu komweko, Ned Nepangue ndi Celestino Macachor, m'buku lawo la mu 2007, anatsutsa zimenezi. Iwo akuti eskrima inakula m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya zilumba za Visayas nthawi ya ulamuliro wa Spain, pamene anthu ankadziteteza kwa ogwira akapolo ochokera kumwera, nkumatolako zina kwa asilikali a Spain. Ngakhale maina awiri aja, eskrima ndi arnis, ndi ochokera ku Chisipanishi. Choncho chimene lero dziko lonse la Philippines limanyadira ngati chake chenicheni chinabadwa pagombe losautsidwa ndi ukapolo, ndipo chili ndi magazi a mlendo. Ndikutchula zimenezi chifukwa pali anthu amene amanyoza malipenga kuti ndi gule wobwereka. Kubwereka kokha sikuchotsa umwini.

Kampu yoyamba yakunja imene inasintha ndodo ya kugombe inali ya Keyala. Jumbe womaliza atachotsedwa mu 1894, ndipo Angoni a Gomani ndi a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1896 ndi 1898, boma la atsamunda linapitiriza kulemba anthu a dziko lino usilikali. Gulu la Central Africa Rifles la mu 1896 linalowa mu King's African Rifles, Keyala imene, mu 1902, ndipo nthawi imeneyo anyamata a Nyasaland anali atafika kale ku Mauritius, ku Somaliland ndi ku Ashanti. Ndiye kunadza nkhondo ya Chiwaya. Itangoyamba mu Ogasiti 1914, sitima ya Guendolen inaombera sitima ya Majeremani panyanja yomweyi, ndipo mu Seputembala magazi anakhetsedwa ku Karonga. Melvin Page, amene anacheza ndi ambiri mwa opulumuka, akuti dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, ambiri ogwidwa mokakamiza. Pa chiwerengero chotere palibe dera limene linatsala. Amene anabwerako anabwera ndi zilonda ndi matenda, komanso ndi chinthu china chimene thupi lawo linali litaloweza: perete. Anadziwa kuima pamzere, kutembenuka onse kamodzi, kuponda limodzi ndi ng'oma, kunyamula mfuti paphewa nkuitsitsa pakumva mawu amodzi. Kum'mawa kwa Africa anakumananso ndi beni, gule amene anayamba m'matauni a Aswahili monga Lamu ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1890 potsanzira mabandi a asilikali, wokhala ndi magulu opikisana a Marini ndi Arinoti. Terence Ranger anatsata njira za gule ameneyu m'buku lake la mu 1975, naonetsa mmene anafalikira ndi asilikali ndi apaulendo. Kwa Ayao anakhalabe beni, kwa Atonga ndi m'mbali mwa nyanja anasanduka malipenga, m'midzi ya Achewa ndi Atumbuka anamera ngati mganda. Nkhotakota, doko la sitima lokhala pakati pa onsewa, linalandira kuchokera uku ndi uku. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tiyeni tione bwinobwino chimene anthuwa anamanga, chifukwa umboni waukulu uli momwemu. Gulu la ovina limatchedwa boma. Lili ndi kingi, kaputeni, ajuteni, dokotala ndi anamwino ake, ndipo aliyense ali ndi ntchito. Dokotala amayendera mizere kuona ngati ovina ali aukhondo, kaputeni amayang'ana mapazi. Zovala ndi zoyera mbuu, kabudula wositidwa bwino, masokosi aatali, malaya opisira. M'malo mwa malipenga achitsulo anatenga chikho nkubowola, nkumatapo kansalu koyera kamene kangaude amakutira mazira ake, ndipo badza limeneli limalira mokwanira kudzaza bwalo. Anthu akakolola, dzinja likadali patali, anyamata amapatuka kunja kwa mudzi kukaphunzira masitepe atsopano mobisa kuti a boma lina asawabere. Malo amenewo ambiri amati kukampu. Wochedwa amalipira, wosamvera amachotsedwa pamzere. Kenako boma limodzi limaitana lina, alendo amayenda mtunda wautali ndi ng'oma zawo, amaphikiridwa, amavina mosinthana, ndipo khamu limaweruza. Tsono m'dzanja la wovina muli ndodo. Nthawi zina imakhala paphewa ngati mfuti, nthawi zina m'khwapa ngati kandodo ka bwana wa asilikali, nthawi zina imaloza pansi, kuzungulira, kubwerera, zonse pa kugunda kwa ng'oma. Munthu amene anayesapo kusuntha ndodo, phazi ndi mpweya wa badza nthawi imodzi, mogwirizana ndi anzake makumi awiri, amadziwa kuti pamafunika miyezi. Zonse zimene kampu ya nkhondo imaphunzitsa zilimo: kumvera, kupirira, kudziwa pamene mnzako waima osamuyang'ana. Chimene mulibe ndi chimodzi chokha. Ndodo ija siikhudza munthu.

Otsutsa oyamba amati uku kunali kungosirira azungu, kuti anthu ogonjetsedwa anavala ngati owagonjetsa chifukwa chodzikayikira. Mfundoyi siyopanda pake, poti zovala ndi maina a maudindo nzachingerezi zedi. Koma ikulephera kufotokoza chifukwa chimene atsamunda ndi amishoni ambiri ankaonera magule amenewa ndi diso lokayika. Ngati kunali kutamanda boma, bwanji boma silinakondwere? Chimene chinkawavutitsa nchakuti anyamata a m'mudzi anali atadzipangira ulamuliro wawowawo, wokhala ndi kingi wake, malamulo ake ndi thumba lake la ndalama, popanda DC, mfumu kapena mphunzitsi wa mishoni kulowererapo. Mtengatenga amene anasenza katundu wa mzungu mpaka mapewa kunyuka anabwera kwawo nkudzitcha kaputeni, anthu nkumamumvera. Ena amapita mbali inayo nkunena kuti gule yense anali chipongwe chonyoza azungu. Nthabwala zilimo, koma munthu sachapa ndi kusita kabudula usiku wonse pofuna kungoseka wina. Ovinawo ankafuna kuoneka bwino pamaso pa akazi a mudzi winawo ndi kupambana boma la tsidya la mtsinje. Mzungu anali atachokamo kale m'nkhani; otsala anali iwo okhaokha. Amayi nawo sanangoonerera, poti chiwoda cha kunyanja kuno chinatenga dongosolo lofananalo la magulu, maudindo ndi kuyenderana.

Kampu yachiwiri inali komboni ya kumigodi, ndipo ndi imene ikundilimbitsa mtima kunena kuti kuchotsa ndewu kunali kusankha. Kwa zaka zambiri Wenela ndi Mthandizi ankatenga amuna a dziko lino kupita nawo ku Joni ndi ku Southern Rhodesia. Pofika mu 1973 Amalawi a m'migodi ya South Africa anapitirira 100,000. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 nkupha anthu oposa 70, Dr Banda anaimitsa ulendowu, ndipo utayambiranso pansi pa Theba unadzatha mu 1988. Kumeneko anthu athu anakhala ndi Azulu, Axhosa ndi Asotho, amene kwawo kumenyana ndi ndodo ndi masewera aulemu a mnyamata aliyense. Nelson Mandela yemwe analemba kuti anakula akuwasewera ku Qunu. Amalawi anaona ndodo zikulira pamitu Lamulungu masana, anaonanso nkhondo za mitundu m'makomboni. Pobwerera anatenga njinga, magalamafoni, majekete, zipewa, mawu achilendo, ngakhale ndodo yoyendera ya munthu wotsogola. Masewera omenyanawo sanamere kugombe kuno. Ndipo taonani chimene iwo anapita nacho kunja: ku migodi ndi mafamu a ku Zimbabwe matchona anakhazikitsa beni ndi gule wamkulu, ndipo ku Copperbelt J. Clyde Mitchell anapeza kalela, mbale wake wa magule omwewa, amene analemba za iye mu 1956. Pa nthawi yomweyo Afilipino ogwira ntchito m'minda ya ku Hawaii ndi California ananyamula eskrima, mpaka Angel Cabales anatsegula sukulu yake ku Stockton mu 1966. Wapaulendo amanyamula chimene akuona kuti sangakhale popanda icho. Awo ananyamula kumenya, athu ananyamula ng'oma.

Wina anganene kuti ndikukometsa zinthu, kuti anthu sanasankhe kanthu, boma la atsamunda ndilo linawalanda zida. Nzoona kuti boma linathyola mphamvu ya Jumbe ndi ya Angoni, ndipo silikanalola magulu a anyamata ophunzira nkhondo. Koma ku Natal nako azungu analetsa anthu akuda kuyenda ndi mikondo ndi zibonga, chikhalirecho masewera a ndodo alipo mpaka lero, chifukwa eni ake ankawafuna. Lamulo limapha msanga chinthu chimene anthu atopa nacho kale. Pabwalo la Achewa kutulutsa mnzako magazi ndi mlandu wolipira mbuzi, ndipo anthu amene agogo awo anaolotsedwa nyanja m'magoli, atate awo nafera m'matope a ku Tanganyika, analibe chifukwa chokometsera chilonda. Ngakhale Angoni eniake anasandutsa chishango ndi chibonga kukhala zovinira ingoma. Sikuti anthu a kuno anali amantha. Pa Nkhotakota pomwepa ndi pamene chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu wa mu 1960, ufulu uli pafupi. Ndipo dziko lino linadzaonanso chimene chimachitika perete akabwererana ndi kumenya. Gulu la Malawi Young Pioneers, lokhazikitsidwa mu 1963 mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel, linali ndi makampu ake, mizere yake ndi nyimbo zake, ndipo linaphunzitsa ambiri ulimi ndi ntchito zamanja. Koma pamodzi ndi ayufi linasanduka chiopsezo pamsika ndi pokwerera basi kwa aliyense wopanda khadi la chipani, kufikira asilikali analilanda zida pa Operation Bwezani mu Disembala 1993. Boma la malipenga linaphunzitsa mwambo wa mtundu womwewo kwa zaka zochuluka kuposa apo popanda mayi aliyense kuthawa pamsika.

Mfundo yotsutsa imene ndimailemekeza kwambiri ndi ya achinyamata eniake. Iwo amati kuvina sikungakuteteze usiku panjira, ndipo ngati munthu akufuna luso lodzitetezera ayenera kulifuna kumene lili. Sindikuwatsutsa. Mganda si arnis, ndipo wopeza mwayi wopita ku Cebu apite, akaphunzire ndi mtima wonse, monga anachitira agogo ake ku makampu ena. Koma akafika akaone njira imene luso limenelo layenda. Kale akatswiri a eskrima ankayesana popanda chodzitchinjiriza, ena nkulumala. Kalabu ya Doce Pares itakhazikitsidwa mu 1932, ya banja la Cañete ndi anzawo, inayamba kuika maphunziro m'ndondomeko. Remy Presas, amene anayambitsa Modern Arnis, anaphunzitsa ana asukulu kumenya ndodo ya mnzawo m'malo mwa dzanja lake, kuti asathawe maphunziro chifukwa cha ululu. Bungwe la dziko lonse la WEKAF litayamba mu 1989, opikisana anavala zipewa zotchinga nkhope ndi malaya okhuthala. Lero pa mipikisano pali gawo lotchedwa anyo, pamene munthu kapena gulu limaonetsa kayendetsedwe ka ndodo popanda womenyana naye, oweruza nkumapereka mapointsi pa kukongola ndi kugwirizana. Mu 2009 boma la Philippines linakhazikitsa lamulo la Republic Act 9850 lonena kuti arnis ndi masewera a fuko, oyenera kuphunzitsidwa m'sukulu. Kuti luso lawo lifike kwa ana ndi kwa alendo, Afilipino akhala akuchepetsa magazi pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 100. Akulowera mbali imene anthu a kugombe la kuno anafika kalekale nkhondo ya Chiwaya itangotha.

Pamene atiposa kwenikweni ndi pa kusunga maina. Wophunzira wa ku Cebu amatha kukuuza amene anamuphunzitsa, ndi amene anaphunzitsa mphunzitsi wakeyo, mpaka kukafika kwa Venancio Bacon wa Balintawak kapena kwa akuluakulu a Doce Pares. Chimene mlendo amalipirira ndi mzere wa aphunzitsi umenewu, poti ndodo yokha akanaigula kwawo. Kwathu kuno sitepe iliyonse ya mganda inapekedwa ndi munthu, nyimbo iliyonse ili ndi mwini wake, boma lililonse lili ndi amene analiyambitsa ndi chaka chimene linagawanika, koma tinazolowera kungoti gule wa makolo, ngati anagwa ndi mvula. Ulamuliro wa chipani chimodzi unazoloweretsa magulu kuvinira alendo olemekezeka kwa mphindi zochepa, ndipo andale a masiku ano apitiriza, pamene moyo wa guleyu unali kuyenderana kwa maboma. Pa mndandanda wa UNESCO dziko la Malawi lili ndi magule awa: gule wamkulu, vimbuza, tchopa ndi mwinoghe. A ku Zambia analembetsa kalela mu 2022, koma malipenga ndi mganda palibe. Asilikali a Chiwaya anatha onse, amene anakamenya nkhondo ku Burma atsala owerengeka. Koma m'midzi ya Mwadzama, Mwansambo ndi Malengachanzi mukadali madoda amene anapita ku Theba, amene anavina ali anyamata pansi pa makaputeni obwera kunkhondo. Aphunzitsi a sukulu za pa Benga ndi ophunzira awo, okhala ndi foni yojambula mawu ndi kope, angathe kuwafunsa boma ndi boma: analiyambitsa ndani, anaphunzira kuti, ndodo inkagwiridwa bwanji kale, ndipo ndani anasintha kagwiridweko.